Khadi la zithunzi kunja kwa laputopu: pamene ndafika ndi magetsi ndi mawaya

Ntchito yolumikiza khadi la zithunzi (chipangizo chimene chimakonza zithunzi zooneka pa sikirini) ku laputopu yanga tsopano yafika pa gawo la magetsi, ndipo gawo limeneli ndi limene ndikufuna kulifotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa ndaona kuti anthu ambiri amatha nthawi yaitali posankha khadi koma magetsi ake amangowaganizira pomaliza. Khadi langa ndi Radeon RX 580 la 8GB, lomwe AMD inatulutsa mu 2017, ndipo ndinaligula kwa munthu amene analigwiritsapo kale ntchito. Likukhala pa kabolodi kapadera kokhala ndi polowetsa khadi pa PCIe x16 (PCIe ndi njira imene khadi limalumikizirana ndi kompyuta), ndipo kuchokera pa kabolodiko pali lamba wopyapyala wa mawaya amene amakalowa m'malo a M.2 mu laputopu, momwe kawirikawiri mumakhala SSD. Njira imeneyi imapereka mizere inayi ya PCIe 3.0, imene imadutsitsa pafupifupi 4GB pa sekondi, ndipo zimenezi zikukwanira pa ntchito yanga yokonza mavidiyo komanso pa masewero a madzulo.

Chofunika kudziwa ndi chakuti malo a M.2 amapereka magetsi a 3.3V okha, pamene khadi la zithunzi limadya makamaka magetsi a 12V. Motero laputopu imangotumiza ndi kulandira uthenga, koma mphamvu yonse yoyendetsa khadilo iyenera kuchokera kwina. RX 580 inalembedwa kuti imafuna 185W, ndipo tikagawa nambala imeneyi ndi 12, tikupeza ma amp opitirira pang'ono 15. Magetsiwa amalowa m'khadi kudzera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi polowetsa khadi pomwepo, pamene malamulo a PCIe amalola mpaka 75W, ndipo yachiwiri ndi pulagi ya mapini 8 imene ili pamwamba pa khadi, yomwe imanyamula mpaka 150W. Pa kompyuta ya pa desiki, 75W yoyambayo imachokera ku motherboard, bolodi lalikulu la kompyutayo, koma kuno imadutsa m'kabolodi kakang'ono kaja, choncho nakonso kayenera kupatsidwa 12V yokwanira. Nkhani ya magetsi odutsa polowetsa khadi si yaing'ono, pakuti mu 2016 khadi la RX 480 linapezeka kuti likukoka kuposa mlingo pamalo amenewa, mpaka AMD inakonza vutolo kudzera mu driver yatsopano, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa khadilo.

Ndinalingalira kwambiri za adaputa ya Dell DA-2, imene anthu ochita zimenezi amaikonda. Inapangidwira makompyuta ang'onoang'ono a OptiPlex, imatulutsa 12V yokha pa ma amp 18, ilibe fani kotero siimveka phokoso, ndiponso imatenga malo ochepa pa tebulo. Ndikanakhala ndi khadi ngati GTX 1060, lomwe limafuna 120W, sindikanayang'ananso kwina. Koma ma amp 18 kwa khadi lodya 15 ndi mpata wochepa kwambiri, makamaka chifukwa khadi silikoka magetsi mofanana nthawi zonse; likayamba ntchito yolemera limakoka mwadzidzidzi kuposa mlingo wolembedwa, ngakhale kwa kamphindi kochepa, ndipo adaputa imene yafika pamalire ake imangodzizimitsa. Chifukwa cha ichi ndinasankha power supply ya ATX ya 500W, yonga imene imakhala m'kompyuta ya pa desiki.

Posankhapo sindinayang'ane nambala yaikulu yolembedwa pa katoni, koma kapepala komata pambali pa bokosi lake, pamzere wa +12V. Pamenepo ndi pamene pamaoneka mphamvu imene khadi lingalandiredi, ndipo yanga yalembedwa ma amp 38. Ma power supply ambiri akale kapena otchipa amaika gawo lalikulu la mphamvu yawo pa 5V ndi 3.3V, zomwe pa ntchito iyi zilibe phindu lenileni. Chinanso chimene ndinafufuza ndisanalumikize chilichonse ndi kaswitchi kofiira kamene kamapezeka kumbuyo kwa ma power supply ena, kolembedwa 115 mbali ina ndi 230 mbali inayo. Magetsi athu kuno ku Malawi ndi a 230V, ndipo chipangizo chochokera kumaiko ogwiritsa ntchito 120V chikafika kaswitchiko kali pa 115, chimapsa nthawi yomweyo chikangolowetsedwa m'soketi. Yanga ilibe kaswitchi kameneka chifukwa imalandira magetsi a mitundu yonse iwiri payokha. M'pulagi ya kukhoma ndinaikamo fyuzi ya ma amp 5, ndipo ndinatsimikiza kuti waya wa earth ndi wolumikizidwa kuyambira pa phini lalitali la pulagi mpaka ku bokosi lachitsulo, popeza bokosilo likhala poyera pomwe dzanja lingaligwire. Chaja ya laputopu ndi power supply ndaziika pa ekisitenshoni imodzi ya mawaya atatu.

Power supply ya ATX siiyaka yokha ngakhale mutatsegula switchi yakumbuyo. Imadikira kuti waya wobiriwira wa pa pulagi yaikulu ya mapini 24, womwe uli pa phini 16, ulumikizidwe ndi waya wakuda. Poiyesa koyamba ndinapinda kawaya kakafupi, n'kulowetsa mbali imodzi pa wobiriwirayo ndi mbali inayo pa wakuda woyandikana naye, khadi ndi kabolodi zisanalumikizidwe n'komwe, ndipo fani inayamba kuzungulira. Kenako ndinayeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi: waya wachikasu unaonetsa 12.1V, wofiira 5V, ndipo wa olenji 3.3V. Waya wapepo umakhala ndi 5V nthawi yonse imene chipangizocho chili pa magetsi, ngakhale fani itaima, choncho pogwira mawaya ndimazula pulagi kukhoma m'malo modalira kuti zaoneka zozima. Bokosi lenilenilo sindilitsegula, chifukwa ma capacitor a mkati amasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa. Pakali pano kawaya kopinda kaja sikakufunikanso, pakuti kabolodi kali ndi switchi imene ikaikidwa pa auto imayatsa power supply laputopu ikayaka ndi kuizimitsa laputopu ikazima.

Pamene ndinachedwa kwambiri ndi pa mapulagi awiri a mapini 8, amene munthu wofulumira angawayese chinthu chimodzi. Ina ndi ya CPU, inayo ndi ya PCIe, ndipo mawaya ake anayalidwa mosemphana. Nditaziika pambali ndi pambali pansi pa nyali, kusiyana kwake kunaoneka bwino: ya CPU ili ndi mawaya achikasu anayi ndi akuda anayi, achikasuwo ali kumbali ya kokowera, pamene ya PCIe ili ndi achikasu atatu ndi akuda asanu, achikasuwo ali kumbali yotalikirana ndi kokowera. Timabowo take timasiyana kaumbidwe kuti zisalowerane, komabe pulasitiki ikakhala yofewa munthu wokankha mwamphamvu akhoza kuilowetsa, ndipo akatero 12V imapita pamene payenera kukhala ground, ndiye kuti mawaya akuda aja. Pulagi yanga ya PCIe ndi ija yogawika ya 6+2, ndiye ndimayamba ndalumikiza kachidutswa ka mapini awiriko bwinobwino, kenako n'kukankha zonse pamodzi mpaka kokowera katalira. Amene ali ndi power supply ya mawaya ochotseka adziwe kuti mawaya a kampani ina salowetsedwa pa chipangizo cha kampani ina, ngakhale atakwana pabowo, chifukwa kumbali ya bokosi kampani iliyonse imayala mapini mwa njira yake.

Ndinakananso kugwiritsa ntchito tiadaputa tosandutsa pulagi ya SATA kukhala ya khadi la zithunzi, ngakhale timapezeka mosavuta ndipo n'totchipa. Pulagi ya SATA inapangidwa kuti inyamule ma amp 4.5 pa 12V, omwe ndi 54W basi, ndiye kuiuza kuti idyetse khadi lofuna 150W pa pulagi yake ndi kuitana moto. Kutentha kumayambira pamalo pamene zitsulo zikukhudzana mosakwanira kapena pamene waya ndi woonda, ndipo kumakula msanga ma amp akamachuluka. Ndinawerenga zolembedwa pa khungu la mawaya anga ndipo ndi 18 AWG, womwe ndi mlingo wa kunenepa kwa waya woyenera pa ntchitoyi. Nambala ikakhala yaikulu, monga 20 kapena 22, ndiye kuti wayayo ndi woonda kwambiri.

Polowetsa lamba m'malo a M.2 ndinazimitsa laputopu, n'kuchotsa chaja ndi pulagi ya batire, chifukwa malo amenewa salola kulowetsa kapena kuzula chinthu magetsi ali mkati. Lambayo ndamukhotetsa pang'onopang'ono popanda kumupinda ngati pepala, ndipo ndamudutsitsa kutali ndi chingwe cha 230V. Khadi linaoneka pa kompyuta, driver inalowa, ndipo sikirini yakunja ndailumikiza pa khadi penipeni kuti zithunzi zisabwererenso mu laputopu kudzera m'mizere inayi yomwe ija. Khadi likugwira ntchito yolemera, ndinalowetsa nsonga za multimeter kumbuyo kwa pulagi ya mapini 8 ndipo ndinapeza 11.9V, zomwe zili mkati mwa malire a ATX a 11.4V mpaka 12.6V. Mawaya anali ofunda pang'ono chabe nditawagwira, ndipo pulasitiki ya pulagi sinasinthe mtundu kapena kutulutsa fungo.

Vuto limene latsala ndi la kuthima kwa magetsi. Akathima, laputopu imapitirira ndi batire yake koma khadi limazima pomwepo, ndipo kompyuta ikaona kuti chipangizo cha PCIe chasowa mwadzidzidzi imauma, ntchito yosasungidwa n'kutayika. Ndinaganizapo zotenga 12V mwachindunji ku batire ya sola, popeza khadi limafunanso 12V, koma batire ya mtovu ikamachajidwa imakwera kupitirira 14V, zomwe zili pamwamba kwambiri pa malire a 12.6V, choncho pangafunike chipangizo chowongolera magetsi chonyamula ma amp osachepera 20. Njira imene ndikuiona yabwino ndi UPS, chipangizo cha batire chimene chimapitiriza kupereka magetsi akathima, yotulutsa magetsi a pure sine wave, osalala ngati a m'soketi, chifukwa ma power supply amakono okhala ndi active PFC, gawo lowongolera kakokedwe ka magetsi, nthawi zina sagwirizana ndi ma inverter otchipa. Podikira kuti ndalama ya UPS ikwane, ndiyamba kupanga bokosi lamatabwa lokhala ndi mipata yopitira mpweya kumbali ya mafani, lomwe ligwire khadi chilili ndi zomangira ziwiri kuti kulemera kwake kusatsamire pa kabolodi, ndiponso lotsekereza mawaya kuti ana a pakhomo asawafikire.