Makala a m'munda wa amalume ku Lizulu

Ndinanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha, mu Januwale, mvula ikuwaza. Titadutsa Linthipe tinalowa m'nkhungu moti phiri la Dedza silinaoneke n'komwe. Ndinatsikira pa Lizulu manja atauma ndi kuzizira. Pamenepa msewu wa M1 ndiwo malire: kachewere ukugula ku Malawi, ukangowoloka uli ku Mozambique. Kuchoka apo ndinakwera kabaza mpaka kwa amalume.

Sanandilole ngakhale kutsiriza tiyi. "Tiyeni kumunda, mphwanga, mukaone zimene makala andichita."

Makala amene ankanenawo si ophikira ayi. Ndi omwe alangizi amati biochar. Amalume amaotcha zitsononkho m'dzenje, zikafiira amazithira madzi zisanasanduke phulusa, kenako n'kuzisinja. Mtengo sadula ngakhale umodzi, ndipo zimenezi zinandikhazika mtima pansi, poona mmene mapiri athu ayerera.

Kumtunda kwa munda chimanga chinali chonyozoloka, masamba a m'munsi achikasu. Kumunsi chinali chobiriwira bii, mapesi onenepa. Mbewu imodzi, feteleza wokulitsa yemweyo. Kumtundako anathira makala ongochokera m'dzenje. A kumunsi anayamba agona m'khola la mbuzi mwezi wathunthu, kumwa mkodzo ndi ndowe.

Ndinatola kachidutswa n'kukathyola. M'kati muli timabowo tosawerengeka ngati zisa za njuchi. Makala atsopano amafika m'nthaka timabowoto tili mbee, ndiye amayamba kudzitengera chakudya chomwe chimanga chimayembekezera. Tizilombo ta m'nthaka natonso tikamadya zotsalira pa makalawo timagwiritsa ntchito nayitirojeni, chakudya chobiriwitsa masamba, mbewu n'kutsala ndi njala kwa kanthawi. Chikasu chija gwero lake n'limeneli. Koma makala akakhuta kaye m'khola, amafika m'munda atanyamula kale chakudya.

Apa m'pamene ndinamvetsa za Urea, feteleza wobereketsa uja. Pa makilogalamu 100 alionse, 46 ndi nayitirojeni. Akalowa m'dothi lonyowa amasanduka amoniyamu, kenako tizilombo timamusandutsa nayitireti, ndipo nayitireti sagwira dothi: mvula ikachuluka amatsika ndi madzi kupitirira mizu. M'minda yotsetsereka ngati ya kuno, ndalama zimapita choncho mlimi akuona. Makala amagwirako amoniyamu ndi chinyezi pafupi ndi mizu, komanso amachepetsa asidi m'nthaka yotopa.

Chenjezo limodzi amalume analibwereza kawiri: wobereketsa osamuwaza pamwamba pa makala. Makala ali ngati phulusa, ndipo Urea akakhala poyera pamalo otero, gawo lina limauluka ngati mpweya, fungo lija limalasa m'mphuno m'khola. Iwo amaboola ndi kamtengo pambali pa phando, kuthira, n'kukwirira.

Ndinawafunsa ngati tsopano asiya kugula feteleza. Anapukusa mutu. "Ayi, makala si feteleza. Amangothandiza kuti amene ndagula movutikirayo asathawe." Ndinakonda kuti sanakometse nkhani. M'dimba mwawo, momwe dothi ndi lakuda kale, akuti kusiyana kwake sanakuone.

Madzulo azakhali anandipakirira nyemba ndi kachewere, amalume n'kuwonjezapo kathumba ka makala a m'khola kuti ndikayese pa bedi la mpiru kuseri kwa nyumba. M'minibasi mayi wina anafunsa chomwe chinkanunkha mbuzi, ndipo tinakambirana za makalawo mpaka pa Nathenje pomwe anatsikira.