Mwera Wafika Kwathu Kunyanja

Lero ndi tsiku lachinayi chiyambireni mwera kuwomba, ndipo mabwato onse a padoko pathu ali pamtunda. Mudzi wathu uli m'mbali mwa nyanja ya Malawi, m'boma la Nkhotakota, kufupi ndi pamene madzi a kanyanja ka Chia amakumanira ndi nyanja yaikulu. Abale athu a ku Dedza akamva tikudandaula za kuzizira kwa mwezi wa July amadabwa, chifukwa iwo ali kumapiri pomwe ife tili kuchigwa kumene dzuwa la masana limatenthabe. Koma chisanu cha kunyanja chimadza ndi mphepo, ndipo mphepoyo ndi imene imanena ngati pakhomo padyedwa nsima ya ndiwo kapena ayi.

Mwera umachokera kummwera chakummawa, ndipo umalimba kuyambira May mpaka August. Popeza nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 500 kuchokera kummwera kukafika kumpoto, mphepoyi imayenda pamadzi mtunda wautali popanda choitchinga, kotero kuti mafunde akamafika kwathu amakhala atakula kale. Akuluakulu a padoko amadziwa kusiyanitsa mwera ndi mphepo zina monga mpoto kapena vuma pongoyang'ana mtundu wa madzi m'mamawa, ndipo nthawi zambiri chenjezo la nthambi yoona zanyengo likamamveka pawailesi, iwo amakhala atakoka kale mabwato awo.

Chimene chatiwawa kwambiri sabata ino n'chakuti mwera wabwera m'masiku a mdima. Usipa timaupha usiku ndi nyali. Siginala, yemwe ndi msodzi wa nyali, amatsogola ndi bwato lake atayatsa nyali, nsomba zimasonkhana pakuwalapo, kenako anzake amazinga ndi ukonde wa chilimira. Mwezi ukakhala ukuwala, nyali sizikopa kanthu, choncho asodzi amadikira mdima monga mlimi amadikira mvula. Tsopano mdima ulipo koma nyanja yakana. Thandala zonse zoyanikapo nsomba zili mbee, ndipo amayi ogula nsomba amene anachokera ku Lilongwe ndi ku Kasungu akugonabe m'tinyumba ta lendi, ndalama za mpamba zikuthera pa chakudya. Amuna akhala pansi pa mtengo akusoka maukonde, ndipo pamenepo m'pamene nkhani zonse za m'mudzi zimayambira.

Nkhani imene ili pakamwa pa aliyense ndi ya mwana wa mnansi wanga. Mnyamatayu ali ndi ngongole kwa mwini ukonde, ndipo mkazi wake ndi woyembekezera. Lachiwiri m'bandakucha anaona ngati mphepo yachepa, natenga bwato kukavuula maukonde amene anatchera mwera usanayambe. Bwato linagudubuzika asanafike patali. Anapulumuka chifukwa cha mayi wina amene ankatsuka mapoto pagombe, yemwe anakuwa mpaka amuna asanu anakankhira boti la injini m'madzi. Anamupeza atakangamira bwato, milomo itauma ndi kuzizira. Ndinapita kukamuona madzulo ake, ndipo ndinapeza amayi ake atamufunditsa mabulangete awiri pafupi ndi mbaula. Ndinati, "Pepani amayi, Mulungu watichitira chifundo." Iwo anangoyankha kuti, "Zikomo achimwene, ndinamuletsa koma anati adya chiyani ana."

Ena pansi pa mtengo paja akumudzudzula kuti ndi wosamva. Ine sindikuvomereza zimenezo. Palibe msodzi wobadwira pano amene sadziwa kuopsa kwa mwera, ndipo amene amalowa m'madzi masiku otere amakhala atakankhidwa ndi njala kapena ngongole. Ndinakondwa kumva kuti a komiti ya padoko anakambirana ndi mwini ukondeyo kuti adikire mpaka nyanja itadekha, ndiponso kuti amayi a kumpingo anasonkha ufa ndi mpunga n'kukasiya pakhomopo. Chimene ndikufunabe kuona ndi majekete oyandamitsa munthu pamadzi. Padoko lonse alipo ochepa kwambiri, ndipo amene alipowo ndi a eni maboti onyamula anthu.

Kunyumba nako moyo wasintha. Ana amene miyezi yotentha amakhala m'madzi tsiku lonse, tsopano amakana kusamba mpaka dzuwa litakwera, ndipo chifuwa chafala moti usiku umamva kutsokomola nyumba ndi nyumba. M'mawa timafungatira makapu a tiyi ndi mbatata yophika, chifukwa ino ndiyo nyengo yake, ndipo masiku ena mayi a kunyumba amaphika futali wothira nsinjiro. Kondowole ilipo, popeza chinangwa sichitisiya, koma kondowole yopanda nsomba imavuta kumeza, ndiye tikudalira chigwada ndi usipa wouma umene tinasunga m'dengu. Agogo a kuseri kwa nyumba yathu, amene amakhala okha, tinawapititsira nkhuni ndi juzi ya pakaunjika, ndipo mdzukulu wanga wamkazi akukagona nawo kuti azikoleza moto.

Amene akupumako bwino ndi alimi a mpunga. Kudambo amaliza kumweta, ndipo pabwalo lililonse pali mkeka wa mpunga woyanika, wina wa Faya, wina wa Kilombero. Mavenda afika kale ndi masikelo awo, ndipo mtengo umene akupereka ndi wotsika monga zimakhalira chaka chilichonse anthu akangokolola. Alamu anga aganiza zosunga matumba awo mpaka mvula ikayandikira. Mabanja a asodzi akutenga mpunga pangongole kwa alimiwa, polonjeza kudzabweza ndi usipa, ndipo palibe amene akulemba pakepala chifukwa aliyense akudziwa khomo la mnzake.

Mu 2024 madzi a nyanja anakwera kuposa mmene ambiri a ife tinaonerapo, ndipo nyumba zimene zinali pafupi ndi gombe zinagwa. Mabanja ena akukhalabe m'zisakasa kumtunda, ndipo mphepo ino ikuwapeza kwambiri. Popeza mvula yatha, ino ndiyo nthawi youmba njerwa ndi kumweta udzu wofolerera. Asodzi amene akusowa chochita padoko akuthandiza kuponda dothi kwa mayi wamasiye amene akumanga pafupi ndi msewu, ndipo malipiro awo ndi thobwa ndi nsima ya masana. Khoma lafika kale pamawindo. Mwana wamkazi wa mayiyo wangomaliza kulemba mayeso a Fomu 4, atawerenga usiku uliwonse ndi nyali ya siginala imene amalume ake anamubwereka m'masiku amene mwezi unkawala. Madzulo, mphepo ikatembenuka pang'ono, timamvanso ng'oma ya anyamata a mudzi woyandikana nawo amene akukonzekera malipenga.

Pamene ndikulemba pano dzuwa likulowa, ndipo masamba a mgwalangwa wa pabwalo sakugwedezeka monga dzulo. Ndaona anyamata atanyamula mabatire a nyali kupita nawo kokatchaja, ndipo amayi a ku Kasungu aja ayamba kutsuka mabeseni awo. Akuluakulu a padoko anena kuti palibe amene alowe m'madzi usiku uno, ndipo adzayang'ananso nyanja mawa m'mamawa.