Kuchoka pa benchi ya tomato kukaphunzira marketing: mmene ndinayendera

Zotsatira za MSCE zitatuluka, mapointi anga sanali oti n'kugogoda nawo ku yunivesite ya boma. Ndinakhala chaka chathunthu ndikuthandiza mayi kugulitsa tomato ndi anyezi pa benchi ku Ndirande. Amalume ndiwo anandidzutsa: "Iwe mphwanga, pakamwa pogulitsira uli napo kale. Pita ukatenge pepala lake."

Chinandizunguza mutu poyamba n'chakuti makomo olowera alipo awiri. Loyamba ndi la TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi zamabizinesi. Limalengeza malo, anthu amapikisana, ndipo osankhidwa amatumizidwa ku makoleji monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia. Zina mwa ndalama zoyendetsera zimenezi zimachokera ku levy ya 1 peresenti yomwe olemba ntchito amapereka pa malipiro a antchito awo. Kumeneko kumachuluka ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi, zokonza galimoto ndi kuwotcherera, ngakhale onsewo amaphunziranso phunziro la entrepreneurship, la kayambidwe ndi kayendetsedwe ka bizinesi. Khomo lachiwiri ndi lodzilipirira wekha, lomwe ambiri amangoti parallel. Ine ndinkafuna marketing, choncho ndinalowera pamenepo, pa koleji ina mu Blantyre momwemo.

Za mapepala sizinavute. Ndinatenga fomu, n'kuphatikizapo kope la zotsatira za MSCE zochokera ku MANEB, kope la chiphaso cha unzika, zithunzi ziwiri zing'onozing'ono ndi risiti ya ku banki. Risitiyo muijambule pafoni musanaipereke. Yanga inanyowa m'chikwama tsiku la mvula, ndipo chithunzicho ndicho chinandipulumutsa.

Pomwe ndinagwa chagada ndi pa ndalama za mayeso. Ine ndinkayesa kuti ndikalipira fizi ndiye kuti zatha. Ayi. Kosi yathu timalemba mayeso a ICM, bungwe la ku UK, ndipo mtengo wa phunziro lililonse unkatsatira mapaundi. Ndinasunga ndalamazo pa Airtel Money n'kumazengereza, poti tsiku lotsekera linali lisanafike. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Ndalama zomwe zikanakwana maphunziro anayi zinangokwana awiri ndi kachenje. Enawo ndinakalemba ulendo wotsatira, anzanga omwe analipira msanga atandisiya m'mbuyo. Tsiku lokatenga fomu lomwelo funsani kuti mayeso ndi a bungwe liti, amalipiridwa mu ndalama yanji, ndipo amalembedwa kangati pachaka.

M'kalasi zambiri zinali zinthu zomwe mayi amachita osadziwa dzina lake. Ma P anayi otchuka aja, aphunzitsi anatimasulira kuti katundu, mtengo, malo ndi kutsatsa. Kuika tomato wofiira pamwamba pa mulu, kuwonjezera kabasela kwa kasitomala wa tsiku ndi tsiku, zonsezo zinali m'buku. Kunena zoona, milungu ina ndinkaona ngati ndikulipira kuti andiuze zomwe ndikudziwa kale.

Matama amenewo anatha titafika pa business plan. Aliyense anauzidwa kuti asankhe geni yeniyeni, aiyambe pang'ono, ndipo abweretse masamu ake. Ine ndinasankha chiponde. Ndinawerengera mtedza, mchere ndi mabotolo, n'kuika phindu pamwamba, ndipo papepala ndinali wolemera ndithu. Aphunzitsi anangoliyang'ana pepalalo n'kufunsa, "Nanga mtedzawu mukazinga ndi dzuwa, chemwali?" Makala ndinali nditaiwala. Ndinaiwalanso ya kuchigayo, ya minibasi yokagula mtedza ku msika wa Limbe, mtedza wofumbwa womwe umatayidwa posankha, ndiponso malipiro a ine mwini. Apa ndinakana, ndinati munthu sungadzilipire wekha. Anandiyankha kuti ndikadwala n'kulemba waganyu, ndidzamulipira ndi chiyani ngati mtengo wa botolo sunamuwerengere? Nditawerengeranso, ndinapeza kuti botolo lililonse ndinkaligulitsa motsika kuposa ndalama zomwe linandidyera. Linkayenda malonda chifukwa ndinkachita kugawa.

Mu phunziro lomwelo ndinadziwa njira yotulukira pa benchi. Nthawi imeneyo dzina la bizinesi linkalembetsedwa kwa Registrar General, nambala ya msonkho ya TPIN imatengedwa ku MRA, ndipo chakudya chofuna kulowa m'masitolo akuluakulu chiyenera kuyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Ine ndafika pa ziwiri zoyambazo. Chachitatucho chikudikira kuti ndipeze kanyumba kopangiramo, chifukwa pakhonde la mayi sipangadutse.

Kenako attachment, nthawi yokaphunzira ntchito pamalo enieni a ntchito. Koleji inandipatsa kalata, koma miyendo inali yanga. Ndinazungulira Ginnery Corner ndi Limbe milungu itatu, alonda apageti akundilandira makalata n'kumati, "Tikuimbirani." Yambani kufunafuna teremu isanathe, ndipo musanyoze malo aang'ono. Ine anandilandira pa sitolo ina yogulitsa penti, simenti ndi malata. Ofesi yokhala ndi kompyuta yomwe ndinkalota kunalibe. Kunali kauntala, fumbi la simenti ndi kope la ma kotesheni.

Customer service ndinaiphunzira pa kauntala imeneyo Loweruka lina. Bambo wina anabwera ndi chitini cha penti chotsegula kale, akukalipa kuti tinawapatsa mtundu wolakwika. Ndinathamangira buku la marisiti n'kuwaonetsa kuti nambala ya mtunduwo anasankha okha. Ndinali pa choonadi, koma bambowo anachita ngati ndawathira mafuta. Mayi oyang'anira sitolo anatuluka, n'kukoka mpando. "Pepani bambo, khalani kaye pansi. Nyumbayo mukupenta ili kuti?" Pofotokoza, zinadziwika kuti mmisiri wawo ndi amene anawalembera nambala yolakwika, ndipo madamu kunyumba anali atawakalipira kale. Chitinicho sitinachilandire, koma anawachotserako pang'ono pa chatsopano. Bambo aja anagulanso maburashi awiri. Atapita, mayi aja anangoti, "Mwanawe, munthu akapsa mtima risiti imabwera pamapeto."

Logbook, kope lolembamo zomwe mwagwira pa attachment, muzisainitsa mlungu ndi mlungu. Ndinailekerera mwezi wathunthu, ndipo zina ndinachita kuzikumbukira movutikira usiku woti mawa lake abwera a ku koleji odzatiyendera.

Mapepala anga anafika patapita miyezi zotsatira zitatuluka. Pano ndimagwirabe pa sitolo ija masiku atatu pamlungu, masiku enawo ndi a chiponde. Pa benchi ya mayi ndinaikapo kope lolembamo ngongole, ndipo poyamba anakana kuti makasitomala awo onse amawadziwa pamutu. Mlungu watha ndinawapeza akulitsegula pamaso pa azakhali, omwe dzina lawo lili pa tsamba loyamba ndi mabotolo atatu a chiponde a chaka chatha.