Bakapu ya ku ofesi ya amalume

Amalume anga ali ndi kakampani ka mathiraki kufupi ndi Lumumba Road ku Lusaka. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima tsiku lonse, anayamba kuopa kuti makompyuta awo anayi adzafa ndi mafayilo onse. Anandiitana kuti ndiwakonzere bakapu, kope la mafayilo losungidwa pamalo ena, poti ndinali nditangomaliza kakosi ka makompyuta.

"Mphwanga, sindifuna zogula mapulogalamu. Uchite zaulere, koma zamphamvu."

Ndinatsegula Notepad n'kulemba fayilo ya .bat, ya malamulo oti kompyuta itsatire, ya mzere umodzi wokha: robocopy, pulogalamu ya mu Windows yokopera mafayilo, itenge zonse za mu %USERPROFILE%\Documents, ikaziike pa hadi diraivi yaikulu ya mu ofesi ya amalume, mu foda ya Bakapu\%USERNAME%. Ubwino wa mawu otsekeredwa ndi zizindikiro za peresenti ndi woti sulemba dzina la munthu aliyense. Windows imadzaza yokha dzina la amene walowa pa kompyutayo, ndiye fayilo imodzi imakwanira ofesi yonse. Ndinafuna kuwonjezera %DATE% kuti tsiku lililonse likhale ndi foda yake, koma deti imabwera ndi timizere topendekeka timene Windows salola m'dzina la foda, ndipo nsima ya masana inali itafika kale. Ndinaisiya. Kumapeto ndinaika /MIR, yomwe imachititsa kuti foda ya bakapu ifanane ndendende ndi ya pa kompyuta. Chimene kulibe kuno, uko imachifufuta.

Pofuna kuonetsa kuti sukulu sindinapitire pachabe, mu Task Scheduler, yomwe imayambitsa ntchito yokha nthawi ikakwana, ndinasiyanitsa nthawi kuti netiweki isadzaze. Kompyuta ya amayi a ku akaunti iyambe, itsatire ya amalume, kenako ya woyang'anira madalaivala, yomaliza ya mtsikana wa pa risepushoni. Ndinayesa pa kompyuta imodzi, zilembo zoyera zinathamanga pa windo lakuda, amalume anaomba m'manja. Anandipatsa K200 ndi botolo la Fanta, ndipo kwathu ku Matero anayamba kunditchula injiniya.

Zinatha bwino mpaka m'mawa wina magetsi atabwera mwaukali, kompyuta ya ku akaunti n'kutulutsa kafungo ka waya wopsa. Linali tsiku la 9, mawa lake tsiku lomaliza lopereka PAYE, msonkho wa pa malipiro. Amayi aja anagwira kumutu. Ine ndinatsika minibasi ndikuyenda ngati dokotala wamkulu.

"Musadandaule, amayi. Zonse zilipo."

Ofesi yonse inaima kumbuyo kwanga. Ndinatsegula Bakapu. M'malo mwa mafoda anayi munali imodzi yokha, dzina lake User.

Thukuta linayamba kutsika. Makompyutawo amalume anawagula ogwiritsidwa kale ntchito pa shopu ina m'tauni, ndipo onse anayi ankalowa ndi dzina limodzi lomwelo: User. Ndiye madzulo aliwonse kompyuta ya ku akaunti inkaika mafayilo ake bwinobwino, ya amalume n'kubwera kudzawasesa, ya madalaivala n'kusesa za amalume, ndipo mtsikana wa pa risepushoni ndiye ankatseka msonkhano. Ndikanalemba %COMPUTERNAME%, yodzaza dzina la kompyuta osati la munthu, bwenzi ndikumwabe Fanta.

"Tsegula tione malipiro," anatero amalume.

Ndinatsegula. Munali CV ya mtsikana uja m'mitundu itatu, ina yopita ku kampani yopikisana nafe. Munali nyimbo za kwaya. Ndipo munali zithunzi mazanamazana za kitchen party ya mkulu wake ku Kabwata.

Amayi a ku akaunti sananene kanthu. Anatsegula chikwama chawo, anamasula mfundo ya kansalu, anatulutsa fulashi yakale yosweka chivindikiro. Lachisanu lililonse ankakoperamo ntchito yawo ndi manja.

"Mwanawe, ine zako zothamanga pa windo lakuda zija sindinazikhulupirire," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinkadikira kuti amalume andifunse za K200 yawo. Koma iwo anali atakoka mpando, magalasi ali pamphuno, akudina zithunzi chimodzichimodzi. Ku kitchen party amuna salowa, choncho kwa iwo ili linali dziko latsopano. Mtsikana wa pa risepushoni anayamba kubwerera chafutambuyo kulowera kukhomo.

Amalume anaima pa chithunzi china. Mzimayi wina anali pakati pa bwalo, chitenje m'chiuno, ng'oma zili pambali, ndalama zitamwazika pansi.

"Mphwanga, takulitsa apa."

Ndinakulitsa.

"Awa si amayi a kunyumba kwanga awa? Deti yake ndi iti?"

Ndinawawerengera. Anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Loweruka limenelo anandiuza kuti ali ku maliro ku Chipata. Ndinawapatsa ndi ndalama ya basi."