Sabata yolemba ng'anjo ndi mapanga ku Kasungu

Sabata ino ntchito inali m'nkhalango ya Kasungu, limodzi ndi anzathu a ku Zambia. Nkhalangoyi ili m'malire, ndipo chichitikireni pangano la 2015 maiko awiriwa amaisamalira mogwirizana ndi ya Lukusuzi ya ku Zambia. Anthu amatchula njovu, koma muno mulinso ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo ndi zojambula za pamiyala.

Lolemba lonse linathera pa fomu. Tinagwirizana kuti malo alionse alembedwe mofanana mbali zonse ziwiri: nambala ya malo, GPS, muyezo, zithunzi ndi chimene chikuwononga. Pa GPS mpofunika kusamala zedi. Mapu akale a kuno anajambulidwa pa njira yowerengera malo yotchedwa Arc 1950, pomwe makina a GPS a lero amawerenga ya WGS84, ndipo ziwirizi zimasiyana ndi mamita pafupifupi 300. Mukapanda kulemba kuti mwagwiritsa iti, wobwera pambuyo adzazungulira m'tchire osaiona ng'anjoyo, nkulemba kuti inagwa.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinali pa ng'anjo. Timayeza msinkhu, m'mimba mwake pansi ndi pakamwa, kuwerenga mabowo a m'munsi, nkujambula mbali zinayi ndodo ya mita imodzi itaimikidwa pambali. Timapaipi tadothi tolowetsa mpweya ndi zotsalira za chitsulo sititola ayi. Zikasuntha, sizingatiuzenso mmene amisiriwo ankagwirira ntchito. Adani a ng'anjo ndi mizu, chiswe ndi moto wolusa. Mtengo womera pakhoma timaudula patsinde, osazula, chifukwa muzu umatuluka ndi dothi la khomalo. Udzu timalambula kuzungulira moto usanayambe.

Makala opezeka pa ng'anjo ndiwo amauza zaka zake. Amatengedwa ndi chipangizo choyera, osati ndi manja, nkukulungidwa mu foyilo. Magalamu ochepa akwanira. Akhale ouma, poti onyowa amachita nkhungu, ndipo nkhunguyo imasokoneza zotsatira. Kuyeza zakako kumachitikira kunja kwa dziko, choncho phukusi silituluka popanda chilolezo, monga likunenera lamulo lathu la Monuments and Relics Act.

Lachinayi kuphanga. Zojambula zofiira, za mizere ndi zozungulira, anthu amati nza Akafula. Zoyera zambiri nza Achewa, za chinamwali ndi Nyau, zimene zachuluka ku Chongoni ku Dedza, kumene malo 127 analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zofanana nazo zili kutsidya, ku Thandwe ndi Makwe m'chigawo chakummawa kwa Zambia. Anthu ake ndi amodzi, Achewa omwewa amene amakasonkhana ku Kulamba ku Mkaika.

Chimene chimapweteka mtima nchakuti ambiri owononga amachita ndi mtima wabwino. Amathira madzi kuti utoto uoneke bwino pachithunzi, osadziwa kuti madziwo amakoka mchere wa m'mwala, ukauma nkusenda utotowo. Ena amatsatira mzere ndi choko. Zonsezi nzoletsedwa. Chithunzi chijambulidwe mwala uli wouma, pamthunzi, kakhadi ka masentimita 10 kataikidwa pambali osakhudza utoto. Chisa cha mavu chikhale pomwepo mpaka katswiri wokonza adzachione.

Lachisanu tinakhala ndi ogwira ntchito za m'malire. Funso lawo linali lolunjika: "Bwana, mphika wakale tiusiyanitsa bwanji ndi wogulidwa pamsika?" Yankho ndi pepala. Pangano la UNESCO la 1970 limathandiza dziko kuitanitsa katundu wake wobedwa, koma pamafunika umboni woti chinthucho nchake. Nchifukwa chake chilichonse chosungidwa chimalembedwa motsata ndondomeko ya padziko lonse yotchedwa Object ID: chithunzi, chinapangidwa ndi chiyani, muyezo, ming'alu ndi zipsera zake. Chikabedwa, zimenezi nzomwe apolisi amatumiza ku Interpol, bungwe la apolisi la padziko lonse. Mafomu a sabata ino akopedwa kawiri, ena atsala kuno, ena apita ku Chipata.