Momwe ndinavotera nyimbo yoimira Sweden ku Eurovision

Kuno ku Sweden nyimbo yopita ku Eurovision, mpikisano wa nyimbo wa pachaka wa maiko makamaka a ku Ulaya, imasankhidwa poyera, anthu onse akuona. Mpikisano wake ndi Melodifestivalen, ambiri amangoti Mello, ndipo amauyendetsa ndi a kanema wa SVT. Mu 2025 ndinasiya kungoonerera, ndinavota nawo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Choyamba ndinaika app ya mpikisanowu pafoni. Ndi yaulere, koma imafunsa msinkhu wako, ndipo funso limeneli usalitenge mopepuka. Ovota amagawidwa m'magulu asanu ndi awiri, kuyambira ana a zaka 3 mpaka 9 kukafika kwa agogo a zaka 75 kupita m'tsogolo, kuphatikizapo gulu lina la oimba foni. Gulu lililonse limapereka mapointi akeake. Choncho achinyamata, ngakhale achuluke bwanji pafoni, sangamize mawu a agogo kapena a ana. Dongosolo limeneli ndimalikonda ndi mtima wonse, chifukwa nyimbo yokaimira dziko iyenera kufika m'makutu a nyumba yonse.

Nyimbo zinalipo 30, zogawidwa m'ndime zisanu zachipulula, Loweruka lililonse madzulo mumzinda wina: Luleå, Göteborg, Västerås, Malmö ndi Jönköping. Kavotedwe kake nkosavuta. Nyimbo ikamaimbidwa, umadina kamtima ka pa app, ndipo nyimbo imodzi ungaipatse timitima mpaka tisanu. Malangizo anga ndi akuti usamwaze timitima pa nyimbo iliyonse yokoma pang'ono. Ukapatsa onse mofanana, ndiye kuti sunasankhe aliyense. Ine ndinkadikira woimba afike pakati ndimve ngati mawu ake akulimba, popeza mawu otsogolera amaimbidwa pompopompo ndipo nyimbo siidutsa mphindi zitatu. Ndime iliyonse inkatumiza nyimbo ziwiri molunjika ku fainolo, zina nkupatsidwa mwayi wachiwiri.

Fainolo inachitika pa 8 Marichi ku Strawberry Arena, kufupi ndi Stockholm, ndi nyimbo 12. Apa zinthu zimasintha: theka la mapointi limachokera kwa oweruza a maiko ena, theka kwa ife ovota. Ine mtima unali pa KAJ, anyamata atatu ochokera ku Finland amene chilankhulo chawo chobadwa nacho ndi Chiswidishi, ndipo anaimba m'kalankhulidwe ka kwawo ku Vörå. Kuchokera mu 1998, Sweden inali isanatumizenso nyimbo ya m'Chiswidishi. Kwa munthu ngati ine, wokulira m'Chichewa koma wokhala pakati pa zilankhulo za eni, zimenezi zinandikhudza kwambiri. Oweruza anaika patsogolo pang'ono Måns Zelmerlöw, amene anapambana Eurovision mu 2015, ndipo ndinakhala chilili mpaka mavoti a anthu atawerengedwa. KAJ inapambana.

Ndiye kunabwera chinthu chimene ovota atsopano chimawadabwitsa. Pa Eurovision penipeni sungavotere dziko limene ukuvotera uli m'menemo. Nyimbo imene ndinaivutikira masabata onsewo, ku Basel, mzinda wa ku Switzerland kumene kunachitikira Eurovision ya chaka chimenecho, ndinangoionerera manja ali m'thumba, mavoti anga nkupita kwa maiko ena. Lamuloli ndi lachilungamo, apo ayi maiko a anthu ambiri bwenzi akungodzivotera okha.

Njira inapezeka kumudzi. Kuyambira mu 2023, anthu a m'maiko amene sapikisana nawo amavota pa intaneti, polipira ndi khadi la kubanki, ndipo mavoti awo onse pamodzi amawerengedwa ngati a dziko limodzi. Ndinaimbira achemwali anga ku Lilongwe, ndinawafotokozera zonse, iwo nkuti, "Achimwene, tumizani nyimboyo ndiyambe ndaimva, sindivotera chinthu chosachidziwa." Ataimva anavota.

Pa 17 Meyi Sweden inamaliza pa nambala 4, chikho nkupita ku Austria.