James Gleason, wosewera wa m'mbali amene ankadziwanso kulemba

Pa maphunziro anga a zisudzo tafika pa mafilimu akale a ku America, ndipo aliyense wauzidwa kusankha wosewera mmodzi amene sankapatsidwa mbali yaikulu, n'kutsata ntchito yake. Ine ndatenga James Gleason, bambo wowonda, wadazi, wolankhula mofulumira ngati anthu a m'misewu ya New York, kumene anabadwira mu 1882.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti mwayi wake anadzilembera yekha. Mu 1925 iye ndi Richard Taber analemba sewero la Is Zat So?, lonena za wankhonya ndi manijala wake, ndipo Gleason anasewera manijalayo. Seweroli linaonetsedwa ku Broadway, dera la nyumba za zisudzo ku New York, maulendo oposa 600. Mafilimu atayamba kukhala ndi mawu, Hollywood inkasakasaka anthu odziwa kulemba zolankhula, ndipo iye anathandiza kulemba mawu a The Broadway Melody ya 1929, filimu yoyamba yamawu kupata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana.

Kenaka kulembako kunachepa, kusewera n'kukula. Ankakhala wapolisi, woyendetsa taxi, wogulitsa mowa m'bala. Mu Here Comes Mr. Jordan ya 1941 anabwereranso pa umanijala wa nkhonya ndipo dzina lake linalowa m'gulu la opikisana pa Oscar, koma mphotoyo inapita kwa Donald Crisp.

Ine ndaima nthawi yaitali pa Meet John Doe, filimu ya Frank Capra ya chaka chomwecho. Gleason ndi mkonzi wa nyuzipepala, munthu wouma mtima amene wathandiza kufalitsa bodza lakuti kuli munthu wotchedwa John Doe. Ndiye pali pamene wakhala m'bala, ataledzera, ndi Gary Cooper, amene akusewera munthu wonamizira kukhala John Doe, akufuna kumuuza kuti mwini nyuzipepala akumugwiritsa ntchito pa ndale. Sathamangira nkhaniyo. Amayamba ndi dziko lake, n'kufika pa bambo ake amene anawaona akuphedwa kunkhondo, mawu akutuluka modukizadukiza, kenaka n'kuulula. Ndikaonera ndimaona munthu wodziwa kuti chiganizo chilichonse chikugwira ntchito yanji m'nkhani, pena popumira, pena pomeza mawu. Cooper ndiye wosewera wamkulu mu filimuyi, koma nkhani imatembenukira pakamwa pa Gleason.

Mu The Clock ya 1945 ndi wogawa mkaka usiku. Amanyamula Judy Garland ndi Robert Walker pa galimoto yake, chidakwa china n'kumumenya, awiriwo n'kumugawira mkakawo mpaka kucha. M'mawa akudya kunyumba kwake, ndipo amene akusewera mkazi wake ndi mkazi wake weniweni, Lucile Gleason. Momwe akulankhulirana patebulopo palibe chokakamiza, ndipo achinyamata aja amaona ndi maso awo kuti banja lokhalitsa limaoneka bwanji. Zimandikhudza kuti kumapeto kwa chaka chomwecho Russell, mwana wa James ndi Lucile, anamwalira atagwa pa windo la hotelo ku New York, ndipo Lucile anatsatira mu 1947.

Gleason sanasiye ntchito. Mu The Night of the Hunter ya 1955 ndi nkhalamba ya kumtsinje imene inalonjeza kuthandiza mnyamata, koma tsiku la mavuto mwanayo anaipeza itagona ndi mowa. Mbali imeneyi ndi imene ndasankha kuilemberapo lipoti langa, chifukwa anaisewera osapempha kuti timumvere chisoni. Anamwalira mu 1959 ku California.